Belo la udzu likagubuduzika, chitsulo chowotcherera pamsika chingakupulumutseni?

Kuyambira pomwe kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chipangizo chilichonse chochokera kunja chidasanduka cha anthu a ndalama zawo. Nthawi yomweyo nkhani ya ulimi wa makina ili m'kamwam'kamwa: minda ikuluikulu, makopaletivi ofuna thirakitala, anthu olimitsa munda polipira pa ekala. Mwini thirakitala akamva mtengo wa chitsulo chonyamulira katundu kusitolo, amatembenuka n'kulunjika kwa mmisiri wowotcherera zitsulo pamsika, yemwe amapanga kale mageti, mafelemu a mawindo ndi ngolo. Palibe cholakwika pamenepo. Koma alimi a ku America ndi ku Ulaya adayenda kale njira imeneyi ndi mabelo a udzu wa ziweto, ndipo adaika maliro ambiri asanaphunzirepo kanthu. Inu makolo, ndi inu odzipereka pa zaumoyo m'midzi, ndi bwino mudziwe chomwe chidawapha anzathuwo, chifukwa thirakitala ikafika m'mudzi oyamba kuithamangira ndi ana.

Belo lomwe tikunena pano si la fodya kapena la kaunjika lomwe amuna awiri amatha kulikweza m'galimoto. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Gary Vermeer wa ku Pella, m'chigawo cha Iowa ku America, adayamba kugulitsa makina okulunga udzu wouma kukhala belo lalikulu lozungulira ngati mgolo. Cholinga chidali choti munthu mmodzi azikolola ndi kusunga udzu wa ng'ombe popanda aganyu. Belo limodzi lotere limalemera makilogalamu 300 mpaka 700, ndipo likakhala la udzu wauwisi wokutidwa m'pulasitiki limaposa pamenepo. Tiyerekeze la makilogalamu 600: amenewo ndi matumba 12 a chimanga omangidwa pamodzi, ndipo mtolo wake ndi woti ukayamba kugubuduzika palibe angauimitse ndi manja.

Katundu wotere amafuna thirakitala. Alimi a minda yaing'ono, omwe thirakitala zawo n'zakale komanso zopepuka, adayamba kudzipangira zonyamulira. Kapangidwe kake n'kosavuta: felemu yachitsulo, mkondo umodzi wautali wobaya pakati pa belo, ndi timikondo tiwiri tatifupi m'munsi toletsa belo kutembenuka. Ena amamanga felemuyo kumbuyo kwa thirakitala, pa zokolekera zitatu zija zomwe amakolekapo pulawo. Ena amaimanga kutsogolo, pa mikono iwiri yachitsulo yomwe imakwera ndi kutsika ndi mphamvu ya oyilo. Ofuna zachidule sapanga chilichonse, amangolowetsa belo m'chibakete chotapira dothi n'kulikweza, mwina atalizenga ndi tcheni.

Bungwe la boma la America loona za chitetezo cha anthu pantchito, NIOSH, lidatulutsa chenjezo pa nkhaniyi mu 2001. Lidapeza kuti pakati pa 1992 ndi 1998 anthu 74 adafa pantchito yokhudza mabelo, ndipo 42 mwa iwo adafa pokonzekera kusamutsa mabelowo kapena powasamutsa. Imfa zambiri zoterezi zimabwera m'njira ziwiri, ndipo zonse zimayamba ndi kukweza katundu m'mwamba.

Yoyamba ndi iyi. Woyendetsa akakweza belo kutsogolo, limamutchinga kumaso. Kuti aone njira, kapena kuti adutse pamwamba pa mpanda, amalikwezabe mpaka lipitirire mutu wake. Pamenepo mikono iwiri ija yasanduka njanji yotsetsereka, ndipo kumapeto kwa njanjiyo kuli mpando wa woyendetsa. Tayala likagunda chitsa, kapena dzanja likakhudza chogwirira cha oyilo mwangozi, belo limachoka pamalo pake n'kutsika. Palibe nthawi yodumpha. Limamenya mutu ndi mapewa, kupinda khosi, kupanikiza chifuwa pa chiwongolero. Ena amafera pomwepo chifukwa cholephera kupuma, ena amapulumuka koma fupa la msana litathyoka, miyendo osagwiranso ntchito moyo wonse.

Choletsa ngozi imeneyi ndi chitsulo chotchinga kumbuyo kwa felemu, chachitali mokwanira kuti belo lisachidumphe, kapena zibano zogwira belo kuchokera pamwamba. Tsono vuto lili apa: chotchingacho sichinyamula kanthu. Tsiku lililonse chimangokhala ngati chokongoletsa. Mmisiri ndi mwini thirakitala akamanenerera mtengo, chitsulo chikuchepa, choyamba kuchotsedwa pa pulani chimakhala chomwecho, chifukwa chipangizo chimagwirabe ntchito popanda icho. Chimagwira chaka chimodzi, zaka zitatu, mpaka tsiku limenelo. M'kuona kwanga, apa ndi pomwe pagona nkhani yonse ya zipangizo zopanga pakhomo: zimayesedwa pa funso loti kodi zikunyamula, osati pa funso loti katundu akaphonyoka agwera kuti.

Njira yachiwiri ndi kugubuduzika kwa thirakitala yeniyeniyo. Mudaonapo njinga yonyamula matumba a makala osanjikizana mpaka kupitirira mutu wa mwini wake. Pamsewu wosalala imayenda bwino, koma ikangopendekeka pang'ono mwini wake sangaibweze, chifukwa kulemera konse kuli m'mwamba. Thirakitala nayo n'chimodzimodzi. Massey Ferguson 135, imodzi mwa thirakitala zazing'ono zodziwika kwambiri padziko, imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka. Mukaikweza belo la makilogalamu 600 m'mwamba, kadzenje kakang'ono, mzere wa m'munda kapena kukhota mofulumira n'kokwanira kuigwetsa chammbali. Komanso katundu akalemera kutsogolo, matayala akumbuyo amapepuka, pomwe mabuleki a thirakitala zambiri zazing'ono ali ku matayala akumbuyo okha. Pamtsetse mumaponda buleki koma makina osamva.

Pali chinanso chomwe amisiri ambiri sachiwerengera. Nyamulani ndowa ya madzi moyandikiza thupi, kenaka muinyamule mutatambasula mkono. Madzi ndi omwewo, koma phewa likuuzani kusiyana kwake. Mkondo ukatalika, belo limakhala kutali ndi thirakitala, ndipo mphamvu yomwe ikukoka powotcherera, pa mapini ndi pa ekiselo yakutsogolo imakula. N'chifukwa chake mikondo ya kufakitale amaipanga ndi chitsulo chosulidwa ndi kulimbitsidwa pamoto mwa dongosolo, ndipo saiwotcherera mwachindunji pa felemu. Amawotcherera kachitsulo kabowo, mkondo n'kulowa mmenemo ndi kumangidwa ndi nati. Chitsulo cholimbitsidwa mukachiwotcherera chimafooka pafupi ndi powotchapo. Ekiselo yakale ya galimoto, yomwe ambiri amaitola kuti ikhale mkondo, ikawotchereredwa mosasamala imatha kuthyoka mwadzidzidzi ngati fupa, osayamba yapindika kuti ikuchenjezeni.

Kwa mwini thirakitala yaing'ono, kunyamulira kumbuyo n'kwabwinoko. Belo limakhala pansi, limatsamira pa matayala aakulu, ndipo silikwera kupitirira woyendetsa. Chofunika n'kuika zolemetsa kutsogolo kuti matayala owongolera asanyamuke. Ndipo kaya n'kutsogolo kaya n'kumbuyo, katundu aziyenda pafupi ndi nthaka, pang'onopang'ono, ndipo pamtunda thirakitala izikwera kapena kutsika molunjika, belo lili mbali ya kumtunda, osati kudula phiri chopingasa. Chipangizo chatsopano chiyambe chayesedwa ndi katundu wolemera kuposa yemwe chidzanyamule, wokwezedwa pang'ono chabe, anthu ataima patali, kenaka muyang'ane ming'alu powotcherera ponse.

Musaganize kuti ngozi ndi ya woyendetsa yekha. Pa 3 Sepitembala 2010, Mike Edwards, yemwe kale adali woimba wa gulu la Electric Light Orchestra, ankayendetsa galimoto yake pamsewu ku Devon, ku England. Belo la makilogalamu pafupifupi 600 lidagubuduzika kuchokera m'munda wa pamtunda, kubzola mpanda n'kugwera galimotoyo, ndipo adafera pomwepo. Munthuyo sadali mlimi, ankangodutsa. Tsono ganizirani mwana yemwe akusewera chibisalirano pakati pa mabelo osanjikizana, kapena yemwe akuthamangira thirakitala kumbuyo pomwe woyendetsa sakuona. Ku Britain lamulo limaletsa mwana wosakwana zaka 13 kuyendetsa kapena kukwera thirakitala, ngakhale ikhale ya bambo ake. Kuno kwathu lamulo la zantchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, komanso kupatsa wosakwana zaka 18 ntchito yoika moyo wake pachiswe, koma mwana wokhala pa madigadi ya thirakitala sadalembedwe ntchito ndi munthu. Wangokwezedwa kuti asangalale. Womuletsa ndi inu kholo basi. Thirakitala ili ndi mpando umodzi.

Kuno mabelo aakulu ozungulira sadafalikire. Alimi ambiri a ng'ombe zamkaka ku Thyolo, Chiradzulu ndi madera ena amamweta udzu ndi chikwakwa n'kuusunga m'mitolo yoti munthu anyamule pamutu. Koma mgolo wa madzi wa malita 200, chipika cha mtengo, kapena mulu wa matumba a feteleza wokwezedwa pa chitsulo chowotcherera pamsika umagwa mofanana ndi belo. Komanso ana athu ambiri akugwira ntchito m'minda ya ku South Africa, ndipo ena adapita ku Israel kuyambira kumapeto kwa 2023. Akaimba foni, pambali pofunsa za ndalama, afunseni ngati makina omwe akuyendetsa ali ndi chitsulo choteteza woyendetsa ndi lamba wapampando.

Chitsulo chimenecho ndi felemu yokhala ngati chipata pamwamba pa mpando, yomwe imaletsa thirakitala kuphwanya munthu ikagubuduzika. Dziko la Sweden lidalamula mu 1959 kuti thirakitala zatsopano zizikhala nacho, ndipo imfa zamtunduwu zidatsika kwambiri. Ichi ndiye musapange mongoganizira. Cha mapaipi a madzi chimapindika thirakitala ikagwa, n'kumupanikiza yemwe chimayenera kumuteteza. NIOSH idajambula ndi kuyesa mapulani a felemu zotsika mtengo za thirakitala zina zakale, kuphatikizapo Massey Ferguson 135, kusonyeza kuti chotchipa chimatheka ngati wina wawerengera ndi kuyesa. Dziwaninso kuti felemu ya mizati iwiri imateteza pa kugubuduzika kokha. Belo lotsika kuchokera kutsogolo silingaliletse.

Inu a zaumoyo, pali bala limodzi lomwe limapusitsa. Oyilo wokweza mikono ija amayenda m'mapaipi ndi mphamvu yoposa ya mpweya wa m'tayala la galimoto maulendo oposa 70. Paipi yakale ikabooka kabowo konga ka singano, munthu n'kumafufuza podontha ndi chala, oyiloyo amaboola khungu n'kulowa mkati. Kunja kumangooneka kadontho, mwina kosapweteka kwenikweni, koma mkati minofu imayamba kufa, ndipo akachedwa chala kapena dzanja limadulidwa. Munthu wotere musamumange bandeji n'kumuuza kuti abwere mawa. Apite kuchipatala cha boma chomwe amachita opaleshoni nthawi yomweyo, ndipo akanene momveka kuti walowedwa oyilo wa makina. Podontha amafufuza ndi kachidutswa ka katoni, osati chala, ndipo paipiyo amaikonza injini itazimitsidwa ndipo mikono itatsitsidwa pansi.

Munthu akapanikizika ndi belo kapena thirakitala, choyamba zimitsani injini ndi kutsekera matayala ndi miyala kuti pasavulale wachiwiri. Chotsani cholemeracho msanga koma mosamala, ndi anthu okwanira komanso mitengo yotukulira, mukuchirikiza ndi zipika kuti chisabwerere. Wovulalayo musamukoke ndi mikono kapena miyendo. Mmodzi agwire mutu kuti khosi lisatembenuke, ena amunyamulire pa chitseko kapena thabwa thupi lili chiwongokere. Kumukhazika pa njinga yamoto pakati pa anthu awiri kungamalize kuwononga msana womwe udangosweka pang'ono. Pomwe pakutuluka magazi panikizani ndi nsalu yoyera, ndipo musamupatse chakudya chifukwa mwina akufunika opaleshoni.

Ngakhale adzuke n'kunena kuti ali bwino, apite ndithu kuchipatala. Magazi amatha kumatayikira m'mimba osaoneka, ndipo minofu yophwanyika imatulutsa zinthu zomwe zimawononga impso patapita maola kapena masiku. Mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, kapena wochepa kwambiri, ndi chizindikiro choti impso zili pamavuto. Bala lililonse la chitsulo chomwe chimakhudza dothi ndi ndowe likufunikanso katemera wa kafumbata.

Mmisiri wowotcherera naye muzimuyendera. Mu 2017 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, lidaika utsi wa kuwotcherera zitsulo m'gulu la zinthu zomwe zimayambitsa khansa mwa anthu. Magalasi a dzuwa omwe ambiri amavala pamsika sateteza maso ku kuwala kwa moto umenewu, ndipo ululu wake umayamba usiku, patapita maola angapo, maso akuthotha ngati mwalowa mchenga. Ana oima mozungulira kuonerera moto wabuluuwo amapsa maso chimodzimodzi, ndipo mayi akabwera nawo m'mawa akuti ndi matenda a maso wamba, mufunseni komwe mwanayo adaswera dzulo.