Chenjezo: Musatsuke Chikwama Chachikopa ndi Jik, Petulo Kapena Palafini

Amayi, atsikana ndi nonse amene muli ndi zikwama zachikopa pakhomo, imvani izi musanatsegule botolo lililonse. Mankhwala akatayikira pachikwama, ambirife timathamangira kubafa kukatenga Jik, ena kukapempha kapetulo kwa akabaza, poganiza kuti mankhwala amachoka ndi mankhwala anzake. Maganizo amenewa akuwonongetsa zikwama zabwino, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti akhoza kukugonetsani m'chipatala.

Ndinadzionera ndekha posachedwapa. Alamu anga anagula chikwama chofiirira pakaunjika, chikopa chenicheni, chofewa ngati tsaya la khanda. Kutatsala tsiku limodzi kuti apite nacho ku ukwati, kabotolo ka mankhwala ochotsera kyutekisi kanatsegukira m'thumba lam'mbali n'kusiya banga lotuwa, kukula kwake ngati ndalama yachitsulo. Ndi mtima waphuma, anathira Jik m'kabeseni n'kuwonjezamo viniga, poti mnzawo wina anawauza kuti ziwirizi zikaphatikizana zimayeretsa kwambiri. Analowa nazo m'bafa n'kutseka chitseko. Posakhalitsa tinamva akutsokomola mobanika, ndipo anatuluka misozi ili chuchuchu, mawu atasasa. Tinawakhazika panja pamphepo, kenako tinathamangira nawo kuchipatala. Anachira, tikuthokoza Mulungu, koma banga lija linali litafalikira ngati chikhato, ndipo patapita masabata awiri chikopa pamalopo chinauma gwa n'kung'aluka.

Chimene chinawabanikitsa ndi mpweya wa chlorine. Mu Jik muli mankhwala otchedwa sodium hypochlorite, ndipo akakumana ndi chinthu chowawasa monga viniga, madzi a mandimu kapena mankhwala ena otsukira chimbudzi, amatulutsa mpweya umenewu. Ndi mpweya womwewu umene asilikali a Germany anaphera nawo anthu ku Ypres, m'dziko la Belgium, mu April 1915, pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Umawotcha maso, kummero ndi mapapo, ndipo kwa mwana kapena munthu wodwala mphumu ngozi yake imakula. Jik akasakanizidwa ndi mankhwala okhala ndi ammonia kapena ndi sipiriti, amatulutsanso mpweya wina wapoizoni. Choncho lamulo loyamba ndi ili: Jik asasakanizidwe ndi china chilichonse kupatula madzi, ndipo pachikopa asafikepo n'komwe.

Petulo, palafini ndi thinner wa penti nazo si bwenzi la chikwama. Zimayamwa mafuta a m'chikopa, zimasungunula utoto, ndipo fungo lake limakanirira kwa miyezi. Mpweya wa petulo ndi wolemera, umayenda pansi osaoneka, moti mbaula kapena kandulo imene ili poteropo ikhoza kuyatsa moto munthu asanadziwe chimene chachitika. Kaŵirikaŵiri zinthu zimenezi timazisunga m'mabotolo a zakumwa zoziziritsa kukhosi, ndipo botolo likangosiyidwa pansi pamene mayi atanganidwa ndi kupukuta, mwana amaligwira n'kumwa.

Kuti timvetse chifukwa chake kukwecha sikuthandiza, tikumbukire kuti chikopa ndi khungu la nyama. Kufakitale amachifufuta, nthawi zambiri ndi mchere wa chromium, kenako amachimwetsa mafuta kuti chifewe, amachinyika mu utoto, n'kuchikuta pamwamba ndi kachiphimbo kopyapyala kowala. Dothi limakhala pamwamba pa kachiphimboko, n'chifukwa chake limachoka ndi kansalu konyowa. Koma acetone wa m'mankhwala ochotsera kyutekisi, ndiponso mowa umene uli m'perefyumu ndi m'sanitaiza, zimasungunula kachiphimboko pamodzi ndi utoto. Banga lotuwa limene mukuliona si litsiro loti n'kuchapa ayi, ndi malo amene utoto wachoka. Ndi chipsera, ndipo chipsera sachichotsa ndi kukanda. Kuyambira 2020, pamene Covid-19 inatizoloweretsa kuyenda ndi sanitaiza, zikwama zambiri zasuluka m'zogwirira ndi pakamwa pa zipi, chifukwa sanitaiza wabwino amakhala ndi mowa wosachepera magawo 60 pa 100 alionse.

Palinso gulu lina la mankhwala limene limadya chikopa chenichenicho. Pa muyeso wa pH, chikopa chofufutidwa chimakhala cha m'ma 5, kutanthauza kuti n'chowawasirako pang'ono. Jik amapitirira 11, ndipo mankhwala ambiri owongolera tsitsi a kusaluni amafika 12 kapena kuposa. Mankhwala oterewa amamasula ulusi wa chikopa, chimada, chimauma, kenako n'kuyamba kuthetheka. Sopo waufa wochapira zovala, phulusa ndi soda wathu wophikira therere zili mbali yomweyo, ngakhale mphamvu zake n'zocheperako. Zimene zimafewetsa therere mumphika sizingachitire chifundo chikwama chanu.

Nanga mankhwala akatayikira muchite chiyani? Changu chikufunika, koma phuma ayi, paja kuthamanga sikufika. Tulukani nacho panja kapena tsegulani mazenera. Valani magolovesi, ngati mulibe vekani jumbo kumanja. Khuthulani zonse za m'chikwamamo. Tengani kansalu koyera ka thonje kapena tishu, muzingodinda pamalopo kuti mankhwala ayamwike, kuyambira m'mphepete mwa banga kuloŵera pakati. Musatikite, chifukwa kutikita kumakankhira mankhwala mkati ndi kukulitsa banga. Ngati ndi phala monga lowongolera tsitsi kapena dayi, yambani mwalipala mosamala ndi supuni. Mukatero nyowetsani kansalu kena ndi madzi oyera, kafinyeni bwino, mudindenso kangapo, uku mukusintha mbali ya kansaluko. Chikwama musachiviike m'madzi.

Poumitsa, ikani mapepala oyera mkati kuti chisapindike, n'kuchisiya pamthunzi podutsa mphepo tsiku lonse kapena masiku awiri. Musachiyanike padzuwa, musachiyandikize pamoto, musachisite, musachiumitse ndi makina oumitsira tsitsi, chifukwa kutentha kumakwinyitsa chikopa ndipo chikakwinyika sichibwereranso. Chikauma, pakani pang'ono mafuta osamalira zikopa kapena polishi wopanda mtundu. Chilichonse chimene mukufuna kupaka, yambani mwachiyesa pamalo obisika, monga kunsi kwa chikwama, ndipo dikirani chiume muone ngati utoto sunasinthe. Ngati banga ndi la mafuta odzola kapena ophikira, wazanipo paudala wa ana kapena ufa woyera, mugoneke usiku wonse, m'mawa musase ndi burashi yofewa. Chikopa chaubweya chija chotchedwa suede sichifuna madzi ambiri, ndipo zikwama zapulasitiki zongofanana ndi chikopa zimasungunuka msanga zikakhudzana ndi acetone.

Pamene utoto wachoka, chithandizo chake ndi kubwezeretsa utoto. Pitani nacho kwa mmisiri wosoka nsapato amene amadziwa kudaya zikopa, mumuuze mosabisa mankhwala amene anatayikira ndi zimene mwapakapo kale. Safunsa anadya phula. Ndalama yomwe mungamupatse ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa chikwama china.

Chenjezo lalikulu koposa likukhudza mankhwala ophera tizilombo. Ambirife pochokera kumsika timaponya m'chikwama kapaketi ka tameki wophera makoswe, kabotolo ka mankhwala opopera mbewu kapena oteteza chimanga ku anankafumbwe. Zimenezi zikatayikira, chikwamacho chatha ntchito. Chikopa chimamwa poizoni ndipo palibe kutsuka kumene kungamuchotse yense. Tameki ali ndi aldicarb, poizoni woopsa amene amaloŵa m'thupi ngakhale kudzera pakhungu. Taganizani kuti m'chikwama chomwecho mumaikamo mpango, foni, mapiritsi, masiwiti a ana ndi thewera la khanda. Musachipatse munthu wina, musachigulitse, musachiwotche pakhomo. Chiduleni kuti wina asachitole, chikulungeni m'jumbo, muchikwirire kutali ndi chitsime ndi posewera ana.

Ngozi ikachitika, musataye nthawi. Wopuma mpweya woipa mutulutseni panja msanga, ndipo ngati akutsokomola kosalekeza, akumva kuwawa pachifuwa kapena akupuma movutikira, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Mankhwala akagwera m'maso kapena pakhungu, tsukani ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi zosachepera 15. Mwana akamwa palafini, petulo kapena Jik, musamusanzitse, chifukwa posanza palafini amaloŵa m'mapapo ndipo Jik amawotchanso kummero kachiwiri. Thamangirani naye kuchipatala mutanyamula botolo lake kuti adokotala aone chimene wamwa.

Lero lomwe, khuthulani chikwama chanu. Mabotolo a sanitaiza, perefyumu ndi kyutekisi muwatseke zolimba n'kuwaika m'kajumbo kawokawo, ndipo poizoni asaloŵenso m'chikwamamo. Uzani ana anu aakazi, antchito apakhomo ndi anzanu a kumpingo ndi kubanki mkhonde. Chikwama chikawonongeka mudzagula china pakaunjika, koma maso ndi mapapo sagulitsa pamsika uliwonse. Chonde, banga lisakutayitseni moyo.