Anapiye amafuna kutentha, tisamawamwetse mankhwala pachabe

Ena mwa ife amene timagwira ntchito ku Upper Hill mu Nairobi timagona kunja kwa tauni, monga ku Rongai, Ngong kapena Kitengela, komwe kuseri kwa nyumba kumapezeka kamalo kowetera nkhuku. Tikagula anapiye a tsiku limodzi kusitolo ya agrovet, nthawi zambiri timatenganso paketi ya maantibayotiki osungunula m'madzi, monga oxytetracycline, poopa kuti angafe. Ine, monga katswiri wa za mankhwala, ndikuti chizolowezi chimenechi tichisiye. Chimodzi mwa zinthu zimene zimapha kwambiri anapiye m'masabata oyamba ndi kuzizira, ndipo kuzizira kulibe mankhwala.

Mzinda wa Nairobi uli pamalo okwera, pafupifupi mamita 1,800 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Mu June ndi July, usiku kumazizira mpaka madigiri 11 kapena 12, ngati ku Dedza. Mwanapiye wongoswedwa kumene satha kudzitenthetsa yekha, n'chifukwa chake thadzi limawafungatira. Popanda thadzi, ntchitoyo ndi yanu. Sabata yoyamba, pamene anapiye akugona pafunika madigiri 32 mpaka 35. Kenako muzitsitsa ndi madigiri pafupifupi 3 sabata iliyonse, kufikira nthenga zitamera bwino pakatha masabata 5 kapena 6.

Anapiye eni ake amakuuzani mmene akumvera. Akaunjikana pansi pa babu n'kumalira kwambiri, azizidwa. Akathawira m'mbali, atayasamula kukamwa ndi kutambasula mapiko, kwatentha mopitirira. Akadzazana mbali imodzi, pali pamene pakulowa mphepo. Akamwazikana, ena akudya ena akugona, zonse zili bwino.

Mwanapiye wozizidwa sadya, amafooka, ndipo zitosi zimamatirira kumbuyo kwake. Mwini wake akaona zimenezi amawonjezera mankhwala m'madzi, pamene chofunika chinali kukonza khola. Ngakhale matenda amene timawaopa kwambiri, chitopa ndi gumboro, amayamba ndi mavairasi omwe maantibayotiki sawapha. Chitetezo chake ndi katemera wopereka pa nthawi yake.

Vuto silithera m'khola. Tizilombo ta m'matumbo a nkhuku, monga Salmonella ndi E. coli, tikamakumana ndi mankhwala tsiku ndi tsiku timayamba kupima, ndipo timafika kwa anthu kudzera m'zitosi, m'manja ndi m'chakudya. Mwana akadwala n'kupita naye kuchipatala chachikulu cha Kenyatta, ku Upper Hill komweko, madokotala amadalira kuti maantibayotiki agwire ntchito. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anamwalira chifukwa cha tizilombo tosamva mankhwala. Paketi iliyonse yomwetsa nkhuku pachabe imakulitsa vutoli.

Ena amati njira yabwino ndi kulowetsa anapiye m'nyumba n'kuwayatsira mbaula, imene kuno amati jiko. Zimenezi n'zoopsa pawiri. Ana osafika zaka 5 amagwira anapiye kenako n'kuika zala m'kamwa, ndipo amatha kutsekula m'mimba koopsa. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wapoizoni wa carbon monoxide, wopanda fungo, umene umapha anthu ali m'tulo.

Choncho anapiye azikhala panja, m'khola lawo, koma lofunda. Zunguzani malo awo ndi makatoni mopanda ngodya kuti asamapanikizane pakona, ndipo pansi yalani utuchi wouma. Usiku tchingani mbali ndi masaka, koma musiye mpata kumwamba kuti mpweya uzilowa ndi kutuluka. Babu lotenthetsa limangidwe molimba kuti lisagwere pa utuchi. Magetsi akathima, mabotolo a madzi otentha okulunga m'nsalu amathandiza. Ngati mukugwiritsa ntchito makala, akhale mumphika wadothi umene anapiye sangaukhudze. Mukachoka kukhola, sambani m'manja ndi sopo.

Maantibayotiki ali ndi ntchito yake pamene dokotala wa ziweto waona anapiye n'kupeza matenda oyamba ndi mabakiteriya. Pamenepo tsatirani mlingo ndi masiku onse amene wanena. Koma pa tsiku logula anapiye, ndalama ya paketi ija igulire choyezera kutentha ndi thumba la utuchi, ndipo khola likhale litafunda kale asanafike.