Imfa ya Jack Pearson ndi Mkwiyo wa Owonera

Imfa ya Jack Pearson, bambo wa ana atatu m'sewero la pa TV la This Is Us, inaliritsa anthu ambiri ku America ngakhale kuti munthuyo anali wongopeka. Seweroli analiyambitsa ndi Dan Fogelman, ndipo linkawonetsedwa pa kanema wa NBC kuyambira mu 2016 mpaka mu 2022. Limakamba za banja la ku Pittsburgh: Jack, mkazi wake Rebecca, ana awo Kevin ndi Kate, komanso Randall amene anamutenga ali wakhanda n'kumulera ngati wawo. Nkhani yake siyenda motsatira zaka. Imabwerera m'mbuyo ana ali aang'ono, kenako n'kulumphira kutsogolo atakula.

Owonera anadziwa msanga kuti Jack anamwalira kalekale. M'gawo lachisanu, mu October 2016, Kate anawonetsa bwenzi lake chiwiya chomwe munali phulusa la bambo ake. Chimene chinabisidwa ndi chomwe chinawapha, ndipo funso limeneli linakhala losayankhidwa kwa chaka ndi miyezi itatu. Pa 23 January 2018 zinadziwika kuti nyumba ya banjali inapsa chifukwa cha mphika wamagetsi wakale wophikira pang'onopang'ono, womwe anapatsidwa ndi mnansi wawo switchi yake ili yovuta kale. Chipangizo chochenjeza za utsi chinalibe mabatire, popeza anaiwala kugula. Imfa yeniyeniyo inawonetsedwa pa 4 February 2018, mpikisano wa mpira wa ku America wa Super Bowl utangotha, ndipo anthu pafupifupi 27 miliyoni anawonera. Jack anapulumutsa mkazi ndi ana, n'kubwereranso m'nyumba kukatenga galu wa Kate ndi zithunzi za banja. Anatuluka wamoyo, koma utsi womwe anapuma unaimitsa mtima wake ali kuchipatala.

Mkwiyo wa owonera unayamba kugwera mphika uja. Ena analemba pa Twitter ndi pa Facebook kuti ataya miphika yawo ya Crock-Pot, dzina lomwe anthu a ku America amatchulira miphika yonse yotere. Kampani yake inachita kutsegula akaunti ya Twitter kuti iyankhe, ndipo inanena kuti pa zaka pafupifupi 50, itagulitsa miphika yoposa 100 miliyoni, sinalandirepo dandaulo lofanana ndi zimene zinali m'seweromo. Fogelman naye anakumbutsa anthu kuti mphikawo unali wakale komanso wopeka. Milo Ventimiglia, amene ankasewera ngati Jack, anajambula kanema wamfupi akupakula chakudya mu mphika wa Crock-Pot pofuna kuuchotsera mlandu.

N'kosavuta kuwaseka anthuwa, koma kutero n'kuphonya chimene chinachitika. Munthu amene wakhala akulowa m'nyumba mwako sabata iliyonse, n'kumamuwona akunyamula ana ndi kulimbana ndi uchidakwa wake, umamuzolowera ngati mnansi. Owonera ambiri analiranso maliro awoawo. Amene bambo awo anamwalira mwadzidzidzi anadziwona mwa Kate, yemwe ankadziimba mlandu chifukwa cha galu uja, kapena mwa Kevin, amene mawu ake omaliza kwa bambo ake anali a mkangano ndipo usikuwo sanagone pakhomo. Wofedwa amafuna poloza chala, ndipo mphika unali pafupi.

Oyamikira seweroli amati imfayo ndiyo mzati wa nkhani yonse. Popanda iyo palibe chofotokozera chifukwa chake ana atatuwa, ali ndi zaka za m'ma 30, akadali omangika ku usiku umodzi wa mu 1998. Amayamikiranso kuti sinali imfa yamatamando. Jack sanafere m'malawi a moto. Anafa mkazi wake atatuluka pang'ono kukaimba foni ndi kugula chokoleti. Dokotala atamuuza, Rebecca, yemwe ankaseweredwa ndi Mandy Moore, analuma chokoleticho ngati sanamve kanthu, chifukwa anali atangomusiya mwamuna wake akulankhula bwinobwino. Aliyense amene analandirapo uthenga wa maliro mosayembekezera amaidziwa mphindi imeneyo, pamene makutu amva koma mtima ukukana. Pamenepa olemba ananena zowona, ndipo ndi chifukwa chake gawoli limakumbukiridwabe.

Odzudzula nawo ali ndi mfundo yolemera. Amati chisoni cha banja anachisandutsa nyambo. Kwa miyezi yambiri owonera ankapatsidwa zizindikiro pang'onopang'ono, monga nyumba yopsa, mwendo wothyoka wa Kevin ndi galu, ndipo ambiri anayamba kuwonera ngati apolisi ofufuza mlandu, osati ngati anthu omvera chisoni ana amasiye. Kuika gawo la imfa pambuyo pa Super Bowl, usiku womwe otsatsa malonda amalipira ndalama zochuluka kwambiri pa chaka, kunali kuwerengera phindu. Mfundoyi siingakanidwe. Mkwiyo pa mphika uja unabadwa m'chizolowezi chomwe seweroli linaphunzitsa anthu ake, chofunsa kuti "chinamupha n'chiyani" m'malo mofunsa kuti "otsalawo akhala bwanji".

Komabe pali kusiyana pakati pa imfa imeneyi ndi zina zomwe zinakwiyitsa owonera. Mu sewero la ku Britain la Downton Abbey, Matthew Crawley anafa pa ngozi ya galimoto m'gawo lomwe linawonetsedwa pa 25 December 2012, atangochoka kukawona mwana wake wobadwa kumene. Chinachititsa chinali kunja kwa nkhani: Dan Stevens, amene ankasewera ngati Matthew, anasankha kuchoka, ndipo wolemba Julian Fellowes anawona kuti banja lokondana kwambiri la Matthew ndi mkazi wake silikanalekanitsidwa mwanjira ina. Owonera anadandaula kuti awawonongera Khirisimasi, ndipo mkwiyo wawo unalunjika kwa opanga sewero. Anamva kuti aberedwa. Owonera This Is Us sanamve choncho, chifukwa anauzidwa msanga za imfa ya Jack, ndiponso Jack anapitiriza kuwoneka m'zigawo za m'mbuyo mpaka sewero linatha.

Pounika mbali zonsezi, mlandu waukulu ukugwera momwe imfayo inatsatsidwira, osati pa imfayo. Kukokera chinsinsi kwa nthawi yaitali chotero kunali kopitirira muyeso, ndipo kunachepetsa ulemu wa nkhani yomwe inali yolimba payokha. Umboni wake ndi wakuti chinsinsi chitaululika sewero silinagwe. Linapitirira zaka zina zinayi, ndipo m'chaka chomaliza linawonetsa matenda a Alzheimer's a Rebecca ndi imfa yake popanda kubisa chomwe chikumupha. Owonera analiranso mu May 2022, koma nthawi iyi panalibe chiwiya chilichonse choti achiimbe mlandu.