Tenti ya galimoto ikonzedwe mvula isanagwe

Kumudzi palibe amene amadikira mvula kuti afolere nyumba. Udzu umamwetedwa mu Juni, denga n'kumangidwa dzuwa likadaswa mtengo. Koma tenti ya galimoto, yomwe nayonso ndi denga, ambiri timaikumbukira mu Disembala madzi atayamba kudonthera m'khosi. Pamenepo n'kuti osoka matenti m'malo a magalaja monga ku Biwi ku Lilongwe ndi ku Ndirande ku Blantyre atapanikizika, aliyense akufuna yake lero lomwe, ndipo msoko wothamangira sukhalitsa.

Ndikunena za galimoto zoyenda m'misewu yovuta zomwe denga lake ndi lansalu: Land Cruiser ya pikiapu yokhala ndi zitsulo ndi tenti kumbuyo, Land Rover yakale, ka Suzuki kotsegula pamwamba, ndi galimoto zoonetsera alendo nyama ku Liwonde, ku Majete kapena ku Mfuwe. Denga lansalu si chizindikiro cha umphawi. Land Rover yoyamba ija ya 1948 inali ndi denga lotere, chimodzimodzi Jeep ya asilikali a America pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndi Suzuki Jimny yoyamba ya 1970. Nsalu ndi yopepuka, imachotsedwa mukafuna kunyamula katundu wamtali, ndipo ikang'ambika imasokedwa pa boma paliponse. Chimene chimandikhudza n'chakuti kuno kwathu pansi pa tenti yotere pamakhala anthu: mayi woyembekezera amene akuthamangira naye kuchipatala usiku, anamfedwa operekeza maliro, ana a kwaya, apaulendo a matola. Injini timaithira oyilo watsopano pa nthawi yake, matayala timawagogoda m'mawa uliwonse, koma chimene chaphimba anthuwo timachisiya mpaka chisanduke sanza.

Poyamba dziwani mtundu wa tenti yanu, chifukwa kasamalidwe kake kamasiyana. Pali yansalu yeniyeni, yolukidwa ndi thonje kapena thonje losakaniza ndi poliyesitala, yokhakhala mukaigwira. Palinso yokutidwa ndi pulasitiki wa PVC, yosalala ndi yonyezimira, mtundu womwe uja wa malona a mathiraki. Yathonje imalola mpweya kudutsa, m'kati simutentha kwambiri, ndipo ikanyowa ulusi wake umafufuma n'kutseka timipata. N'chifukwa chake tenti yathonje yatsopano imatha kudontha m'misoko pa mvula yoyamba. Musathamangire kukakalipira telala. Ithireni madzi, iume padzuwa, mubwereze kangapo, ndipo timabowo ta singano tidzatsekeka tokha. Ya PVC simwa madzi, siivuta kutsuka, koma imasunga kutentha. Amene anakhalapo kumbuyo kwa pikiapu yotsekedwa ndi PVC pa Nchalo kapena ku Nsanje mu Okutobala, kutentha kutadutsa madigiri 40, safunika kuuzidwa. Usiku imachita thukuta m'kati, ndipo kukazizira imauma gwa n'kufupika.

Kufupika kumeneku kwang'ambitsa matenti ambiri abwinobwino. Mwini wake amaona kuti chingwe sichikufika pa chokolera, n'kuitana anyamata kuti akoke ndi mphamvu. Yalani tentiyo padzuwa ifewe kaye, muimange masana. Opanga madenga a Jeep amalangiza kuti kunja kukhale kotentha kupitirira madigiri 20. Amene mwakwera ku Nyika mu Juni kapena Julayi, komwe m'mawa udzu umayera ndi chisanu, musapinde mawindo apulasitiki mbandakucha. Pulasitiki wozizira amasweka.

Nthawi zambiri chimene chimayamba kufa pa tenti ndi ulusi wosokera, nsaluyo ikadali yolimba. Wathonje umaola ndi chinyezi, wa nayiloni umafooka ndi dzuwa, ndipo dzuwa lathu silichita chibwana. Kandani msoko ndi chikhadabo. Ulusi ukamanyenyeka, ndiye kuti misoko yonse ya pamwamba yatha, ngakhale ikuoneka ngati ikadagwira, ndipo idzamasuka tsiku limodzi muli pa liwiro. Kuisoketsanso pano ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi kugula tenti ina. Mukapita kwa telala funsani mwaulemu koma mosaopa: "Amisiri, mukusokera ulusi wanji?" Wofunika ndi wa poliyesitala wokhuthala, wopangidwira zinthu zokhala padzuwa. Mmisiri wodziwa ntchito yake sakwiya ndi funso limeneli, amakuonetsani ulusiwo. Muwapemphenso kuti nsalu yam'mwamba ivundikire yam'munsi pa msoko, kuti madzi azitsetsereka osalowa, ndi kuti aike zigamba m'makona ndi paliponse pomwe tenti yagona pa chitsulo. Pa PVC singano isapondetsedwe pafupipafupi kwambiri, chifukwa mabowo oyandikana amasanduka njira yong'ambikira.

Kenaka yang'anani zitsulo. Tenti yolendewera imakupiza ulendo wonse, ndipo pa msewu wamabampu ngati wochokera ku Rumphi kupita ku Chelinda imakhuzana ndi chitsulo popanda kupuma. Pamene pali dzimbiri, bauti yotuluka mutu, kapena kansonga komwe wowotcherera anasiya, bowo silichedwa. Palani malo otere asalale, apakidwe penti, kenaka mukulunge chitsulocho ndi malegeni kapena nsalu yakale. Chitsulo chapakati chikhale chokwererapo pang'ono kuti madzi asadikhe. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Chithaphwi cha malita 20 chikagona pamwamba usiku wonse chimatamula nsalu, ndipo yotamuka sibwerera.

Pa kutsuka ndi pomwe eni galimoto aukhondo amaonongera tenti zawo. Sopo waufa wochapira zovala amachotsa mankhwala oletsa madzi pa nsalu yathonje. Mankhwala oyeretsera zovala amadya ulusi. Makina opopera madzi mwamphamvu a kotsukitsa galimoto amatsegula misoko, choncho auzeni anyamata otsuka kuti pa tenti asalozepo. Matope asiyeni aume, muwasase ndi burashi yofewa, mutsukuluze ndi madzi ambiri. Pomwe pakanika, sopo wamba pang'ono akwana. Zitosi za mbalame ndi za mileme, ndi utomoni wa mango, zichotsedwe tsiku lomwelo. Mthunzi wa mtengo wa mango ndi wokoma, koma si malo ogonekapo galimoto ya tenti.

Chachikulu pa zonse: tenti yonyowa isapindidwe. Ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Blantyre, chiperoni chikakhazikika masiku angapo, nsalu yopindidwa ili yachinyezi imachita nguwi, timadontho takuda tonunkha, ndipo nguwi imadya thonje. Ngati mwakakamizika kuichotsa ili yonyowa, iyanikeni mukangofika, ngakhale m'khonde. Mukaona kuti madzi sakuchitanso timikanda pamwamba koma akulowerera, yakwana nthawi yopaka mankhwala oletsa madzi opangidwira matenti. Oyilo wakale wa injini, kapena kandulo wosungunulidwa m'parafini, asafike pa nsalu yomwe pansi pake pakhala anthu. Zimenezo ndi nkhuni za moto.

Mawindo apulasitiki amafa ndi dzanja lachifundo. Munthu amaona fumbi n'kupukuta ndi chiguduli chouma, osadziwa kuti fumbilo ndi mchenga ndipo likukanda. Thirani madzi kaye fumbi litsike, kenaka nsalu yofewa yonyowa. Mankhwala otsukira magalasi a m'nyumba, makamaka okhala ndi ammonia, amaumitsa pulasitiki. Mawindowa akulungidwe, asapindidwe, ndipo ndi bwino kuyala nsalu pakati. Windo likachita chikasu mpaka simukuona njinga yomwe ili kumbuyo, telala angathe kulichotsa n'kusokerapo lina, tenti ikhale yomweyo. Zipi nayo mdani wake ndi fumbi. Itsukeni ndi mswachi wakale, mupake kandulo wouma m'mano mwake. Girizi ndi oyilo zimangoitana mchenga.

Tsopano nkhani yomwe yandichititsa kulemba zonsezi. Galimoto ikamathamanga, kumbuyo kwake mpweya umazungulira n'kubwerera cham'tsogolo. Mukatseka m'mbali monse n'kukulunga chotsekera chakumbuyo chokha, monga ambiri amachitira poganiza kuti anthu apume, tenti imayamwa zonse zili kumbuyoko. N'chifukwa chake okwera kumbuyo amatsika ali mbuu, nsidze zofiira ndi fumbi, pomwe dalaivala malaya ake ali oyera. Fumbi limaoneka, ndipo limatsukika. Koma njira yomweyo imalowetsanso utsi wa ekizozi, ndipo mu utsimo muli mpweya wa carbon monoxide, womwe ulibe fungo kapena mtundu. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi mseru, kenaka tulo. Mwana akamasinza kumbuyo kwa pikiapu yotsekedwa, tonse timati watopa ndi ulendo. Nthawi zina si kutopa. Wodwala amene wagonekedwa pansi pafupi ndi chitseko chakumbuyo ndiye ali pangozi kuposa onse, chifukwa sangadandaule.

Kupewa kwake n'kosavuta. Mpweya ulowere kutsogolo: tsegulani kawindo kapena kulungani m'mbali chakutsogolo, kuti mphepo idutse n'kukankhira utsi kunja. Ngati mvula yakukakamizani kutseka, tsekaninso kumbuyo bwinobwino, koma pasiyidwe kampata kutsogolo. Paipi ya ekizozi ifike kunja kwa bodi, isathere pansi pa anthu, ndipo ikabooka iwotcheredwe msanga. Musasiye injini ikulira anthu ali m'kati mwa tenti yotseka, kaya mukudikira madzi aphwe pa mlatho, kaya mukugona panjira. Paulendo wautali imani muwaone, muwalankhulitse, makamaka ana.

Zitsulo zonyamula tenti nazo zisakunamizeni. Ntchito yake ndi kugwira nsalu basi. Galimoto ikagubuduka pa makhotolo a Gorodi popita ku Livingstonia kapena pa Khwekhwelere potsikira ku Golomoti, timapaipi timeneto timapindika nthawi yomweyo. Chitsulo choteteza anthu pa ngozi yotere ndi china, chokhuthala, chomangidwa ku malo olimba a galimoto. Ngati yanu ilibe, yendetsani mokumbukira kuti pamwamba pa mitu ya anthuwo pali nsalu yokha. Ndipo matumba a chimanga kapena njinga zisamangidwe pamwamba pa tenti.

Za mtundu, ine ndimakonda wa khaki kapena wamchenga. Wakuda umakoka kutentha. Palinso chifukwa china kwa oyenda kufupi ndi nkhalango za Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza: kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera, amakopeka ndi mtundu wa buluu ndi wakuda, ndipo n'chifukwa chake nsalu zomutchera zomwe mumaziona zitapachikidwa m'tchire zimakhala za mitundu iwiriyi. Amatsatanso chinthu chachikulu choyenda. Kuika tenti ya buluu pa galimoto yonyamula anthu m'madera amenewo n'kumuitana.

Wakuba ndi mpeni sachedwa pa nsalu, choncho m'tauni musasiye kanthu kooneka m'galimoto. Ena okhala ndi ka Suzuki amachita kusiya osakhoma, kuti wofuna kusuzumira atsegule chitseko m'malo mocheka windo, ndipo ine sindiwadzudzula. Kunena za chinsalu chovundikira galimoto yoimikidwa pakhomo, chimathandiza ndithu kuteteza tenti ku dzuwa, koma galimotoyo itsukidwe ndi kuuma kaye. Mukavundikira yafumbi, mphepo ikamagwedeza chinsalucho fumbi limakanda penti ndi mawindo. Pepala lapulasitiki losadutsa mpweya limatsekera chinyezi m'kati, n'kubala nguwi ndi dzimbiri.

Loweruka likudzali, mangani tenti yonse monga mumachitira pa mvula. Mmodzi alowe m'kati masana dzuwa lili pamutu, ayang'ane m'mwamba: paliponse pomwe kuwala kwaboola pazungulizidwe ndi choko. Kenaka wina akwere pa mpando athire madzi ndi ndowa pang'onopang'ono, kuyambira pakati kutsikira m'mbali, wam'katiyo azilemba pomwe pakudontha. Tentiyo ikauma, ipite kwa telala ndi choko chake chomwecho, pamodzi ndi galimoto, kuti amisiri ayezere pa zitsulo zenizenizo.