Ulimi Suthera pa Kukolola: Maphunziro Amene Tikuwachedwetsa

Aliyense wokhala m'dera la Mfumu Nchilamwela, kuno ku Thyolo, amadziwa kuti tsamba la tiyi likathyoledwa silidikira munthu. Likachoka pa sikelo liyenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo, ndipo m'njira salipanikiza m'matumba, poti likapanikizana limatentha nkufiira, ndiye kuti ubwino wake watha. Likafika amaliyala kuti lifote kwa maola 12 kapena kufikira 18, mphepo ya makina ikuliwomba. Kenaka amalidula tizidutswa, nalisiya kwa ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono kuti lisinthe mtundu, kuchoka pa kubiriwira kufika pa kufiirira. Pamenepo amaliwumitsa ndi mpweya wotentha mpaka chinyezi chotsalamo chikhale magawo atatu okha mwa magawo 100. Makilogalamu anayi ndi theka a masamba aawisi ndiwo amatulutsa kilogalamu imodzi ya tiyi amene timamwayu. Woyang'anira makina akawodzera theka la ola, olawa tiyi ku Limbe amazindikira ndi lilime lokha, ndipo mtengo umatsika ngakhale munda udapaliridwa bwino chotani.

Ndayamba ndi tiyi chifukwa ndiye mboni imene tili nayo pakhomo. Eni maesiteti adazindikira kalekale kuti theka la ulimi limachitika mbewu itachoka kale m'munda, ndipo theka limenelo adalimangira nyumba, naliikira makina ndi anthu odziwa ntchito. Tiyi adayamba kubzalidwa ku Mulanje m'chaka cha 1891, nafika ku Thyolo mu 1908. Papita zaka zoposa 100 tikuyang'anizana ndi mafakitale amenewa, agogo athu, makolo athu ndi ife tomwe tikugwiramo ntchito. Koma tadutsani mpanda wa esiteti, mulowe m'mudzi: chimanga chikufumbwa m'thumba, nandolo akuboola, matimati akuwolera pamsika wa Bvumbwe, mapeyala akugwa okha nadyedwa ndi nkhumba. Nzeru yosamala zokolola idatsalira mkati mwa mpanda.

Vutoli silathu tokha, ndipo silidayambe dzulo. Mu 1975 msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations udagwirizana kuti pofika 1985 zakudya zowonongeka zitakololedwa zichepe ndi theka. Chaka chimenecho chidafika nkupita. Mu 2011 bungwe la FAO lidalengeza kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse cha pa dziko lapansi limawonongeka kapena kutayidwa, ndipo chaka chomwecho World Bank idawerengera kuti mbewu za mtundu wa chimanga, mapira ndi mpunga zimene zimawonongeka kumwera kwa chipululu cha Sahara nzokwana madola mabiliyoni anayi pa chaka. Atsogoleri a mayiko a mu Africa atakumana ku Malabo mu 2014 adabwerezanso lonjezo lomwe lija, lochepetsa ndi theka, naika chaka cha 2025. Awerengi aone okha kuti pakati pa malonjezo awiriwa padadutsa zaka pafupifupi 40, koma mawu ake ndi amodzimodzi. Lonjezo likamabwerezedwa chotere, ndiye kuti palibe amene adapatsidwa ntchito yolikwaniritsa.

Kuno kwathu chidwi cha Boma ndi cha alimi chakhala pa theka loyamba lija. Kuyambira 2005 ndalama zankhaninkhani zakhala zikulowa mu feteleza ndi mbewu zotsika mtengo, ndipo nyengo ya makuponi ikafika dziko lonse silikamba china. Sindikunyoza zimenezo ayi, pakuti wopanda chokolola alibe chosunga. Koma kodi ndani adamvapo Nyumba ya Malamulo ikukangana sabata yathunthu za nankafumbwe? Pajatu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kudalowa m'dziko muno, kudzera ku Karonga, nankafumbwe wamkulu uja amene adayamba wavuta ku Tanzania. Kwawo kwenikweni ndi ku Central America. Iyeyu saopa makoko, amaboola chimanga chosatonola, chinangwa chouma, ngakhale mitengo ya nkhokwe imene. Iye, pamodzi ndi akuba, ndiye adachotsa nkhokwe pabwalo, chimanga nkuyamba kugona m'nyumba ndi eni ake.

Pali kutayika kwina kumene sikelo siingakuone. Mlimi woopa kufumbwa amagulitsa chimanga chake kwa mavenda mu Meyi kapena Juni pamtengo wolira, ndipo mu Januwale amakagulanso chimanga chomwecho pamtengo wokwera koposa. Wofufuza akabwera nayang'ana m'matumba mwake adzalemba kuti chimanga chowonongeka nchochepa, osadziwa kuti mwini wake adaluza kale tsiku lija adagulitsa. Alimi a nandolo a kuno ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu adalawa zowawa za mtundu umenewu mu 2017, pamene dziko la India lidachepetsa nandolo wogula kunja. Mtengo udagwa, ndipo amene akadatha kusunga mbewu yawo kudikira msika wina adali owerengeka, poti nandolo amafumbwa msanga kuposa chimanga.

Tisaganize kuti nkhaniyi ikukhudza mlimi wamng'ono yekha. Mu 2013 zidamveka kuti m'nkhokwe zazikulu za Boma ku Kanengo, zimene zidamangidwa kuti zisunge matani 180,000, chimanga choposa matani 30,000 chidawonongeka madzi atalowamo, ndipo nthawi imeneyo nkuti anthu akugona pamizere m'misika ya ADMARC. Choopsa china ndi chuku. Mtedza kapena chimanga chikasungidwa chisanaume bwino chimamera nkhungu imene imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Adamutulukira ku England nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa mu 1960 chifukwa chodya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Poizoniyu saoneka ndi maso, kuphika sikumuthetsa, ndipo amayambitsa khansa ya m'chiwindi. Mtedza wathu wa Chalimbana, umene udali kugulidwa kwambiri ku Ulaya m'zaka za m'ma 1970, udataya msika umenewo mwa zina chifukwa cha chuku yemweyu. Zoipitsitsa nzakuti mtedza wokanidwa ndi ogula sutayidwa: umabwerera kunyumba, nukhala nsinjiro za m'phala la ana.

Tsono munthu wothana ndi zonsezi ayenera kuphunzira chiyani? Ayenera kudziwa moyo wa tizilombo ndi wa nkhungu, kuti azindikire nthawi imene zimaswana. Ayenera kudziwa za kutentha ndi chinyezi, chifukwa chimanga chimasungika chikauma kufika pa magawo 13 mwa 100, pamene mtedza umafuna magawo 7 kapena 8, ndipo makadamiya a m'maesiteti athuwa amawaumitsa mpaka patsale gawo limodzi ndi theka lokha. Akhalenso mmisiri wotha kumanga choumitsira mbewu kapena chipinda chozizira, ndi kuchikonza chikafa. Ndipo pamwamba pa zonsezo akhale wodziwa kusunga mabuku a ndalama, kuwerengera ngati kusunga thumba miyezi isanu ndi umodzi kuli ndi phindu, ndi kumvetsa miyezo ya bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi ya ogula akunja. Mbali yoyendetsa ntchitoyi ndiyo ambiri amaiderera, chonsecho nkhokwe ya kopaletivu imagwa kawirikawiri chifukwa cha kaundula wosalongosoka, osati chifukwa cha nankafumbwe.

Nzeru zimenezi zilipo m'sukulu zathu za ukachenjede. Koleji ya Bunda, imene idakhala nthambi ya University of Malawi kuyambira 1967 ndipo tsopano ili pansi pa LUANAR pamodzi ndi Natural Resources College, imaphunzitsa sayansi ya zakudya, umisiri wa zaulimi, sayansi ya mbewu ndiponso malonda a zaulimi. Chimene chimandidetsa nkhawa nchakuti ntchito imodziyi ikagawika m'nthambi zinayi, mmisiri amatuluka akudziwa makina koma osadziwa kachilombo, wa zamalonda akudziwa msika koma sadagwirepo chida choyezera chinyezi. Ku Ethiopia, yunivesite ya Jimma idakhazikitsa nthambi yapayokha yoona za kasamalidwe ka zokolola, kuti wophunzira atsate mbewu kuchokera tsiku lokolola kufikira tsiku lodyedwa. Maganizo anga ngakuti ifenso tikufunika anthu ophunzitsidwa motero, ndipo ochuluka mwa iwo akhale a dipuloma ndi a setifiketi. Madigiri ndi ofunika kuti pakhale ofufuza ndi aphunzitsi, koma amene adzaime pakhomo la nkhokwe ya kopaletivu ku Thekerani, kapena pa thanki yoziziritsira mkaka ku Bvumbwe, ndi mnyamata kapena mtsikana wa dipuloma.

Ndipo ngati pali malo oyenera maphunziro otere, ndi boma lathu lino. Yunivesite ya MUST idatsegulidwa ku Ndata mu 2014. Malo ofufuzira zaulimi a Bvumbwe, odziwika ndi zipatso ndi ndiwo zamasamba, ali pamsewu wopita ku Limbe. Ku Mimosa, m'boma la Mulanje, kuli Tea Research Foundation of Central Africa kuyambira 1966. Mafakitale a tiyi ndi a makadamiya atizungulira: Satemwa, Naming'omba, Makandi, Conforzi ndi ena. Wophunzira akhoza kumva phunziro la kaumitsidwe m'mawa, masana nkukaliona likuchitika. Koma chachikulu ndi nyengo yathu. Mlimi wa ku Lilongwe kapena ku Kasungu amakolola dzuwa likuswa mtengo, pamene ife timakolola chiperoni chili pakhomo. Kuyambira Meyi kufikira Julayi nkhungu ndi mvula yowaza imachokera ku mapiri a ku Mozambique, nikhala masiku atatu kapena anayi osakanganuka. Amayi oyanika makaka amadziwa mmene chinangwa chimadera m'masiku oterewa. Malangizo akuti “yanikani padzuwa” adalembedwa ndi munthu amene sadagonepo ku Thyolo mu Juni. Namondwe Freddy, amene adatikantha mu Marichi 2023 chimanga chitatsala pang'ono kukhwima, adangokulitsa vuto limene timakumana nalo chaka ndi chaka.

Alipo amene anganene kuti zonsezi nkuchulutsa gaga m'diwa, poti matumba a PICS, aja adapangidwa ndi akatswiri a yunivesite ya Purdue ku America, adafika kale m'masitolo, ndipo mlimi safuna digiri kuti amange thumba. Nzoona, matumbawa ngabwino: salowa mpweya, kotero nankafumbwe amafa yekha popanda mankhwala. Koma muikemo chimanga chosauma, mudzatsegula chitanunkha. Khoswe akaboola kamodzi, thumba lasanduka wamba. Chimodzimodzi mankhwala aufa a Actellic: ambiri amathira mosayeza, ena amagula achinyengo pamsika, ena amafika pofukiza mankhwala oopsa m'chipinda chogona ana. Chida chimayenda bwino pamene pali munthu wochidziwa pafupi. Mbiri ya chimanga cha haibulidi itiphunzitse. Kwa zaka zambiri amayi adakana mitundu yofewa ija ponena kuti imafumbwa msanga ndiponso imaphwanyika mumtondo, ndipo alangizi adawayesa osamva. Ofufuza a ku Chitedze atatulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, mitundu yolimbirapo ndi yokonoka bwino, alimi adayamba kuilandira. Amayiwo adali kunena za sayansi ya zokolola, kungoti padalibe wophunzira wowamvera. Amene adzaphunzire ntchitoyi ayambire pa mfutso, chikwatu ndi phulusa la m'nyemba, afufuze chifukwa chake zimagwira ntchito ndi pamene zimalephera.

Funso lovuta kwambiri ndi limene ana a Fomu 4 amandifunsa: “Aphunzitsi, tikamaliza adzatilemba ndani?” Sindiwanamiza kuti Boma lili ndi mipando yowadikira. Olemba ntchito ali m'mafakitale a tiyi, a makadamiya ndi a zakudya, kwa ogula mbewu akuluakulu, m'makopaletivu ndi m'mabungwe a alimi a mkaka, ndipo ena adzayenera kudzilemba okha, kuumitsa ndi kusungira anzawo mbewu pa mtengo. Mmodzi mwa amene ndidawaphunzitsa adalowa m'fakitale ina ngati wosesa, ndipo lero amadziwa ndi dzanja lokha ngati tsamba lafota mokwanira. Akugwira ntchito ya katswiri, koma amalandira malipiro a wantchito wamba, chifukwa alibe pepala lotsimikiza zimene amadziwa, ndipo sangapite nazo kwina. Maphunziro a dipuloma ochitika nyengo ya chilimwe, pamene masamba achepa ndipo mafakitale apumirako, akadatsegulira khomo anthu otere, amene alipo ambiri m'dera lino.

Kwa otsiriza sukulu ndinene mosabisa kuti njira yopita ku maphunzirowa imadzera m'maphunziro amene ambiri amawathawa. Pamafunika makirediti asanu ndi limodzi pa mayeso a MSCE, Chingerezi chili momwemo, ndipo Masamu, Biology, Chemistry, Physics ndi Agriculture ndiwo amatsegula makomo a nthambi ndatchulazi. Posankha maphunziro pa fomu ya National Council for Higher Education musangothamangira uloya ndi udokotala kumene onse akupanikizana. Werengani bwino zimene nthambi za zakudya ndi za umisiri wa zaulimi zimaphunzitsa.

Aphunzitsi anzanga, ifenso tili ndi mbali yathu. M'sukulu zambiri munda wa sukulu umathera pa kuyeza matumba ndi kulemba malikisi, chimanga nkupita ku khitchini. Bwanji osasungako matumba atatu, lina wamba, lina lothira mankhwala, lina la PICS, ana nkumatapamo kapu imodzi mwezi uliwonse, kuwerenga maso obooka ndi kulemba m'kope mpaka Disembala? Ngakhale chida choyezera chinyezi palibe, botolo lagalasi louma ndi mchere wouma nzokwanira: thiranimo chimanga chodzaza dzanja ndi supuni ziwiri za mchere, tsekani, khutchumulani, ndipo dikirani mphindi zingapo. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere pamkeka.