Rambo Ndi Wabodza, Onerani Platoon

Funsani wamalonda aliyense wachikulire pamsika wa Chitipa kuti filimu ya nkhondo yapamwamba ndi iti, musanatseke pakamwa wayankha kale kuti Rambo. Wina ati Commando, wina ati Missing in Action ya Chuck Norris. Sitingawadzudzule, poti TVM idayamba mu 1999 ndipo isanabwere kanema ankaonera m'mavidiyo sho, pabenchi yathabwa, jenereta ikulira kuseri.

Koma ine ndikuti ayi, abale anzanga. Rambo yachiwiri ija ya 1985 ndi nthano ya Kalulu. Munthu mmodzi wosavala malaya, uta m'manja, kuseseratu gulu la asilikali a Vietnam ndi a Russia omwe, zipolopolo zonse nkumamulambalala ngati wakhwima? Zoona zake nzakuti Amereka nkhondo imeneyo idawakanika, Saigon idagwa mu 1975. A Sylvester Stallone adangokawina pakanema zimene asilikali enieni adalephera kutchire. Bola yoyamba, First Blood ya 1982, yomwe ikuonetsa msilikali atabwerera kwawo mutu utasokonekera, apolisi nkumamuthamangitsa ngati galu wachiwewe.

Mukafuna nkhondo yeniyeni pezani Platoon ya 1986. Adaikonza Oliver Stone, yemwe adakamenya nawo ku Vietnam, ndiye sakusimba zongomva. Muli anyamata amantha, otopa, olumidwa ndi nyerere, ndi masajeni awiri a mbali imodzi odana mpaka wina kuwombera mnzake. Pamene pamandiwawa ndi paja alowa m'mudzi, kupha mkazi wa mfumu anthu akuona, nyumba zonse kuyatsa moto. Inu amene mudasunga matumba a chimanga ndi nyemba kunyumba, taganizani kuti mudziwo ndi wa ku Misuku kapena ku Nthalire. Pamenepo palibe woimba m'manja.

Ina ndi yakalekale, The Bridge on the River Kwai ya 1957. Ajapani akukakamiza akaidi a ku Britain kumanga mlatho wa njanji yopita ku Burma, ndipo mkulu wa akaidiwo, Alec Guinness, akuunyadira mlathowo mpaka kuiwala kuti akuthandiza mdani. Imayenda pang'onopang'ono, okonda zibakera atha kugona, koma pirirani mpaka pothera. Chimene filimu zoterezi sizikuuzani nchakuti ku Burma komweko mu 1944 kudali asilikali a Keyala ochokera ku Nyasaland kuno, akumenyana ndi Ajapani m'nkhalango. Nkhope yakuda simuiona.

Nanga ya pakhomo pompano? Pa 9 September 1914 Ajeremani ochokera ku Tanganyika adathira nkhondo pa Karonga, apa pomwe timakapikula usipa ndi mpunga. Mwezi wa August chaka chomwecho sitima ya Gwendolen idali itawombera kale sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann panyanja yathuyi. Chitipa nthawi imeneyo ankati Fort Hill, m'mphepete mwa malire enieni. Amuna zikwizikwi adagwidwa ukatengatenga, kusenza katundu wa nkhondo pamutu, ambiri adafera m'njira ndi njala ndi matenda. John Chilembwe adalemba kalata yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya eni ake. Filimu ya ku Hollywood yoyandikirako ndi The African Queen ya 1951, koma m'menemo nkhani ndi ya chikondi cha azungu awiri m'boti. Agogo athu angokhala ngati mitengo ya m'mbali mwa mtsinje.

Eni mavidiyo sho, tayesani Platoon Loweruka madzulo, ndipo ana a yunifolomu muwabweze pakhomo, filimu imeneyi si yawo. Inu a Rambo amene mwapsa mtima, lembani kalata, tiisindikiza. Sabata yamawa tikangana za Bruce Lee ndi Jackie Chan.