Shakespeare Si Mtembo Woti Tiziulonda

Pali anthu ena ophunzira amene akamva kuti sewero la William Shakespeare likuchitidwa m'chilankhulo china, amachita tsinya ngati amva mwano. Iwo amati mawu a munthu wamkuluyu sayenera kukhudzidwa, ndipo aliyense wowachotsa m'Chingerezi amawadetsa. Ife tikuti maganizo amenewa ngolakwika, ndiponso ndi amene achititsa kuti ana athu ambiri azimuopa Shakespeare ngati chilombo chobisalira pa mayeso, osamva konse zimene iye akunena.

Tiyambe ndi mwini wakeyo. Shakespeare, amene adabadwira ku Stratford mu 1564 namwalira mu 1616, sadali munthu wochita manyazi kutola nkhani za eni. Nthano ya Hamlet idalembedwa kale ndi Saxo Grammaticus wa ku Denmark cha m'ma 1200. Ya Romeo ndi Juliet njochokera ku Italy, ndipo iye adaipeza m'ndakatulo ya Arthur Brooke ya mu 1562. Mbiri ya Julius Caesar adaiwerenga m'buku la Plutarch, Mgiriki, limene Thomas North adalimasulira m'Chingerezi mu 1579. Tsono ngati iyeyo adatenga nkhani za mitundu ina naziveka malaya a kwawo, kodi ife tikachita chimodzimodzi ndi nkhani zake, talakwa chiyani?

Mitundu inzathu sidadikire chilolezo cha munthu. Ku Japan, Akira Kurosawa adatenga Macbeth mu 1957 namusandutsa mkulu wa ankhondo a kumeneko m'kanema wotchedwa Throne of Blood. Mfiti zitatu zija zidasanduka mzimu umodzi wa m'nkhalango wopota thonje, ndipo wakupha mfumuyo adafa ndi mivi ya asilikali ake omwe. Mawu a Shakespeare mulibe, koma ndani angaonere kanemayo osanjenjemera poona kumene dyera la ufumu limafikitsa munthu? Mu 1985 Kurosawa yemweyo adatenga King Lear m'kanema wa Ran, ana aakazi atatu a mfumu nawasandutsa aamuna. Ku India, Vishal Bhardwaj adaika Macbeth pakati pa zigawenga za ku Mumbai mu 2003, ndi Hamlet pakati pa mavuto a ku Kashmir mu 2014.

Kuno ku Africa nakonso ntchitoyi idayamba kale. Sol Plaatje wa ku South Africa adatulutsa The Comedy of Errors m'Chitswana mu 1930. Julius Nyerere, ali ndi udindo wotsogolera dziko, adapeza nthawi yomasulira Julius Caesar m'Chiswahili mu 1963, ndi The Merchant of Venice mu 1969. Potero adatseka pakamwa onse amene ankati zilankhulo zathu nzoperewera pa nkhani zakuya. Mu 1970 Welcome Msomi adalemba uMabatha, Macbeth wa Chizulu, wa ng'oma, zishango ndi asing'anga, ndipo mu 1972 anthu a ku London adakhala pansi kuonera sewero la kwawo likubwerera kwa iwo litavala zikopa. Mu 2012, m'nyumba ya zisudzo ya Globe mumzinda womwewo, masewero 37 adachitidwa m'zilankhulo zosiyanasiyana, kuphatikizapo Chishona. Eni ake adatsegula chitseko. Nanga ife tikuchitsekeranji?

Koma tisamveke ngati tikuti kusintha kulikonse nkwabwino. Pali kusintha kwina kumene ndi kuba, ndipo amene adakuchita moonekera ndi Angerezi omwe. Mu 1681 Nahum Tate adaona kuti mathero a King Lear ngowawa kwambiri, choncho adawakonza: Cordelia sadafe, adakwatiwa, ndipo mfumu yokalambayo idapezanso mtendere. Sewero lothira shugali ndilo lidaonetsedwa ku England kwa zaka zoposa 150, kufikira 1838. Chilankhulo chidali Chingerezi ndithu, koma choonadi chidathawamo. Apa mpamene pagona nkhani. Chimene chimapha sewero si chilankhulo chachilendo kapena chovala chachilendo, koma mantha a womasulira, amene amabisa zowawa pofuna kukondweretsa oonera. Kurosawa adasintha zonse za kunja nasunga mtima. Tate adasunga za kunja nataya mtima.

Ena amati: bwanji osangomutaya Shakespeare, popeza adadza ndi atsamunda? Amenewa tiwakumbutse kuti chimanga chidachokera ku America, koma lero palibe amene amati nsima njachilendo. Tidachilima m'nthaka yathu, tidachisinja mumtondo wathu, chidasanduka chathu. Aimé Césaire wa ku Martinique sadataye The Tempest, koma mu 1969 adailembanso, napatsa kapolo Caliban mawu oyankhira mbuye wake. Akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Wanzeru amalandira kalumoko nameta nako.

Ku Malawi njira idalambulidwa kale, pakuti mu 2016 Romeo and Juliet adachitidwa m'Chichewa ku Mzuzu, atamasulira Stanley Onjezani Kenani. Koma sewero limodzi silikwanira. Nkhani za mabanja awiri osamwerana madzi, za kulimbirana ufumu, za tate wogawa chuma mopanda nzeru nazunzidwa ndi ana ake, timazidziwa pa bwalo la mfumu ndi pa maliro. Agogo athu angazimve msanga kuposa mwana woloweza mawu amene sakuwadziwa tanthauzo.

Choncho tikupempha inu aphunzitsi, alembi ndi magulu a zisudzo: werengani Chingerezicho mwakhama, koma musalekere pomwepo. Mulankhulitseni munthuyu m'chilankhulo chimene amayi athu amaliriramo ndi kusekeramo. Iye adalembera anthu wamba oimirira pabwalo, osati alonda a manda.